Ulendo wa malipiro a akazi ku America: kuchokera pa masenti 59

Pa 10 June 1963, Pulezidenti John F. Kennedy anasaina lamulo loletsa olemba anthu ntchito ku America kulipira mkazi ndalama zochepa pamene ntchito yake ndi yofanana ndi ya mwamuna. Nthawi imeneyo, mwamuna akalandira dola, mkazi ankalandira masenti 59. Koma pofika 1980 anali adakali pa masenti 60. Lamulolo silinapite patali chifukwa akazi ambiri anali ataunjikana m'ntchito za malipiro otsika monga ukalaliki, kugulitsa m'sitolo ndi kuphunzitsa ana aang'ono.

Zimene zinadzasintha zinthu zinayambira kusukulu ndi kubanja. Mapiritsi olera anavomerezedwa mu 1960, ndipo atayamba kupezeka kwa atsikana osakwatiwa cha m'ma 1970, ambiri anachedwetsa ukwati ndi mimba n'kulowa maphunziro aatali a udokotala ndi zamalamulo. Claudia Goldin wa ku yunivesite ya Harvard, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2023, ndi mmodzi wa akatswiri amene anaonetsa zimenezi. Mu 1972 kunabweranso lamulo loletsa tsankho m'sukulu zolandira ndalama za boma, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akazi otenga digiri yoyamba anachuluka kuposa amuna.

Akaziwa atalowa ntchito sanaisiye atakwatiwa monga ankachitira amayi awo. Anakhalitsa, luso linakula, maudindo anakwera, ndipo pofika 1990 anadutsa masenti 70. Komabe si zonse zinali zosangalatsa. M'zaka zomwezo mafakitale ambiri anatsekedwa, mabungwe omenyera ufulu wa ogwira ntchito anafooka, ndipo malipiro a amuna osapita patali ndi sukulu anatsika. Kusiyanako kunachepanso chifukwa amuna ena anabwerera m'mbuyo.

Tsankho nalo silinatheretu. Lilly Ledbetter anagwira ntchito pafupifupi zaka 20 ku kampani ya Goodyear ku Alabama asanadziwe kuti amuna anzake ankalandira zambiri. Khothi lalikulu linamukanira mu 2007 ponena kuti anachedwa kudandaula, koma mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lotchedwa dzina la Ledbetter lokonza vutolo.

Lero mkazi amalandira masenti opitirira 80. Kafukufuku wa Goldin akusonyeza kuti kusiyana kotsalaku kumakula kwambiri mwana woyamba akabadwa, pamene mayi amachepetsa maola a ntchito kuti alere, bambo n'kumapitiriza kukwera. Sukulu ndi malamulo zachita mbali yake. Masenti otsalawo sadzabwera mpaka kulera ana kutakhala ntchito ya makolo onse awiri.