Njanji ya Cuamba ndi Lichinga

Tikamva sitima ikulira pa Mitande, tizikumbukira kumene njanji imeneyi inacokera.

Atsamunda Acipwitikizi anayamba kuimanga ku Lumbo, m'mphepete mwa nyanja yamcere. Inafika ku Nampula mu 1930. Mu 1950 inafika ku Cuamba, kumene iwo ankati Nova Freixo. Kucokera pamenepo inakwera kumapiri, kudutsa m'madera a Mandimba ndi Ngauma, nikafika ku Lichinga mu 1969. Mtunda wocokera ku Cuamba ndi makilomita 262. Mu 1970 njanji ina inalowa m'Malawi kudzera pa Entre Lagos.

Atsamunda ankafuna njira yotulutsira thonje ndi katundu wina. Koma amene anakumba dothi ndi kusenza zitsulo anali makolo athu.

Nkhondo imene inatha mu 1992 inaononga njanji. Kwa zaka zambiri sitima inkabwera mwa kamodzikamodzi. Mcere, sopo ndi simenti zinakwera mtengo, cifukwa zinkabwera pa magalimoto mumseu woipa.

Njanji ya ku Lichinga inakonzedwa, ndipo inatsegulidwanso mu 2016. Tisazule zitsulo zake. Tisalole ana kusewera pa njanji. Ikaonongeka, obvutika ndife tomwe.