Makamera Owerenga Manambala a Galimoto: Amalipira Ndani, Nanga Amaikidwa Pati?

M'maiko monga Britain ndi Amereka, apolisi amagwiritsa ntchito makamera amene amawerenga okha nambala ya galimoto iliyonse imene ikudutsa pamsewu. Pano tifotokoza m'mene makamerawa amagwirira ntchito, kumene ndalama zake zimachokera, ndiponso chifukwa chake malo amene amaikidwa amabutsa mkangano pakati pa makhonsolo ndi anthu awo.

Chiyambi chake

Lusoli linayambira ku Britain m'chaka cha 1976, ku nthambi yofufuza za sayansi yothandiza apolisi. Mu 1981 munthu woyamba anamangidwa kamera yotere itazindikira galimoto yobedwa. Kuyambira mu 2003, mzinda wa London unayambanso kugwiritsa ntchito makamerawa polipiritsa galimoto zolowa m'katikati mwa mzindawo.

M'mene amagwirira ntchito

Kamera imamangiriridwa pamtengo m'mbali mwa msewu kapena pagalimoto ya apolisi. Imajambula nambala, kompyuta n'kuiwerenga ndi kulemba tsiku, nthawi ndi malo. Kenaka nambalayo imayerekezedwa ndi mndandanda wa galimoto zobedwa kapena zofunidwa, ndipo ikapezekamo apolisi amadziwitsidwa nthawi yomweyo. Koma tisaiwale kuti kamera sisankha: imalemba za wakuba ndi za mayi wopita kuchipatala chimodzimodzi. Ichi n'chifukwa chake kutalika kwa nthawi yosungira zolembedwazo ndi nkhani yaikulu. Ku Britain zimasungidwa chaka chimodzi. Chigawo cha Virginia ku Amereka chinakhazikitsa malire a masiku 21 mu 2025, pamene ku New Hampshire lamulo limati nambala imene siili pamndandanda ifufutidwe pasanathe mphindi zitatu.

Ndalama zake

Ku Amereka apolisi ambiri ali pansi pa makhonsolo a mizinda ndi maboma ang'onoang'ono, choncho makhansala ndiwo kawirikawiri amavomereza ndalama zake. Zina zimachokera ku misonkho ya anthu a mumzindamo, zina ndi thandizo lochokera ku boma lalikulu. Kampani ya Flock Safety, imene inakhazikitsidwa ku Atlanta mu 2017, imabwereketsa makamera ake ndipo khonsolo imalipira chaka ndi chaka. Apa ndi pamene pagona vuto: thandizo likatha, ngongoleyo imatsalira anthu okhoma msonkho, kulimbirana thumba limodzi ndi misewu, madzi ndi ukhondo wa mumzinda.

Malo oika makamera

Apolisi amakonda misewu yolowera ndi kutulukira mumzinda, mphambano zazikulu ndi madera amene mumachitika umbanda kawirikawiri. Komabe kusankha malo kumatanthauzanso kusankha anthu oti aziyang'aniridwa.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha mzinda wa Birmingham ku Britain. Mu 2010 kunadziwika kuti makamera oposa 200, ambiri mwa iwo owerenga manambala, anaikidwa m'madera a Sparkbrook ndi Washwood Heath, kumene kumakhala Asilamu ambiri. Makhansala anauzidwa kuti cholinga chake chinali kuthana ndi umbanda wamba, pamene ndalama zake, zokwana mapaundi pafupifupi 3 miliyoni, zinachokera ku thumba lolimbana ndi uchigawenga. Anthu atadandaula kwambiri, makamerawo anaphimbidwa ndi matumba, mkulu wa apolisi m'chigawocho anapepesa, ndipo mu 2011 anazulidwa. Ndalama zinalowa m'madzi, ndipo chikhulupiriro cha anthu pa apolisi chinaonongeka.

Ubwino ndi kuopsa kwake

Sitingakane kuti makamerawa athandiza kupeza galimoto zobedwa ndi anthu osowa. Koma pakachitika cholakwika, amavutika ndi osalakwa. Mu 2020, ku Aurora m'chigawo cha Colorado, apolisi analoza mfuti mayi wina ndi ana amene anali nawo, n'kuwagoneka pansi, chifukwa nambala ya galimoto yawo inafanana ndi ya njinga yamoto yobedwa ya m'chigawo china. Mu 2024 mzindawo unavomera kulipira banjalo chipukutamisozi cha madola 1.9 miliyoni. Chaka chomwecho anthu awiri anasumira mzinda wa Norfolk, ku Virginia, ponena kuti makamera 172 amene unaika akuphwanya ufulu wawo wachinsinsi. Mu 2025 mzinda wa Austin ku Texas unasiya kugwiritsa ntchito makamera a Flock, anthu atadera nkhawa za amene angaone zolembedwazo.

Mafunso oyenera kufunsa

Pa zonsezi tikuphunzirapo kuti khonsolo isanavomereze makamera otere, anthu ayenera kuuzidwa poyera kuti ndalama zichokera kuti, adzalipira ndani thandizo likatha, wasankha malowo ndani ndipo pa zifukwa ziti, zolembedwazo zidzasungidwa nthawi yaitali bwanji, komanso ndani adzaloledwa kuziona. Ku Birmingham mafunsowa anafunsidwa makamera atakwezedwa kale pamitengo.