Mayi amene ankawerenga mitengo yopulumuka

Mamembala anzathu, pamene kopaletivi yathu yakwanitsa zaka 10, tamvani mbiri ya mayi wina wa ku Kenya, katswiri wa sayansi ya zamoyo, amene mlimi aliyense ayenera kumudziwa.

Wangari Maathai anabadwa mu 1940 m'mudzi wa Ihithe, m'boma la Nyeri. Pafupi ndi kwawo panali mtengo waukulu wa mtundu wa kachere, ndipo chapomwepo pankatumphuka kasupe. Amayi ake ankamuletsa kutola nkhuni pamenepo, ati ndi mtengo wa Mulungu. Mu 1960 anapita ku America kukaphunzira, ndipo mu 1971 anakhala mayi woyamba kum'mawa ndi pakati pa Africa kulandira digiri ya PhD. Tsiku lina atabwerera kumudzi anapeza kachere uja atadulidwa kuti alimepo tiyi, kasupe ataphwa. Sayansi yake inamuuza chifukwa: mizu ija ndiyo inkagwira dothi ndi kutsegulira njira madzi apansi. Lamulo la makolo lija linkateteza madzi.

Amayi akumudzi ankamudandaulira zomwe inunso mukuzidziwa: nkhuni kutali, mitsinje kuuma, nthaka kukokoloka. Pa 5 June 1977 iye ndi anzake anabzala mitengo 7 mumzinda wa Nairobi, ndipo bungwe la Green Belt Movement linayambira pamenepo. Alangizi a zankhalango ankati ntchitoyi imafuna munthu wa dipuloma. Iye anakana. Anauza amayi kuti atole njere m'dera lawo lomwelo, azifese monga amafesera mbewu zina, ngakhale m'zitini ndi m'miphika yosweka. Koma tamvani pamene panagona nzeru: kangachepe kankaperekedwa pa mtengo umene wapulumuka, osati pa mbande yongoikidwa m'dzenje.

Sizinali zophweka ayi. Mu 1999 anamenyedwa mpaka kuvulala m'mutu poteteza nkhalango ya Karura kwa olanda malo. Mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Anamwalira mu 2011, koma bungwe lake labzala mitengo yoposa 50 miliyoni.

Nanga ife? Kubzala ndi kwa tsiku limodzi, pamene mbuzi, chiswe ndi moto wolusa ndi za chaka chonse. Mitengo imene mubzale mu Januwale, mudzaiwerengenso mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo. Chiwerengero cha mu Okutobalacho ndicho mudzabwere nacho kumsonkhano.