Blind Faith, gulu lomwe silinathe chaka

Sendererani kuno adzukulu anga, ndikuuzeni za anyamata anayi a ku England amene anapanga gulu la Blind Faith. Mu Novembala 1968 gulu loimba la Cream linatha. Eric Clapton, katswiri wa gitala m'gululo, anali atatopa ndi mikangano ya anzake awiri, Jack Bruce ndi Ginger Baker. Iye ankangofuna kumaimba mofatsa ndi Steve Winwood, mnyamata wa mawu anthetemya amene gulu lake la Traffic linali litaimanso. Awiriwa ankakumana m'kanyumba ka kumudzi ku Berkshire.

Tsiku lina Baker, mwini ng'oma uja, anangotulukira. Clapton mtima unali kwina, koma Winwood anaumirira kuti woimba ng'oma wotere sabwezedwa pakhomo. Kenako anakatenga Ric Grech wa gitala ya besi ndi vayolini, amene anasiya gulu la Family lili pakati pa ulendo ku America.

Apa mpamene zinapotokera. Eni ndalama atamva maina amenewa sanafune kudikira, anaphula nsima isanapse. Pa 7 Juni 1969 anyamatawo anaimirira ku Hyde Park mumzinda wa London, pamaso pa khamu la anthu pafupifupi 100,000, kulowa kwaulere. Tangoganizani, aka kanali koyamba kuimba pagulu, nyimbo zawozawo zili zowerengeka! Ku America, kumene anayambira ku Madison Square Garden pa 12 Julayi, ankadzazira nthawi ndi nyimbo za Cream ndi Traffic. Anthu ankakuwa ndi chimwemwe, pamene Clapton ankaona kuti chimene anathawa chija chamulondola.

Chimbale chawo chinatuluka mu Ogasiti, chojambulitsidwa ndi Jimmy Miller. Nyimbo zake 6 zokha, imodzi mwa izo yobwereka kwa Buddy Holly. Ya Baker, "Do What You Like", anaikoka mphindi 15, ndipo ine ndimati pamenepo ankangotseka mpata. Koma musachinyoze chimbalecho. Mvetserani "Can't Find My Way Home", mumve mawu a Winwood akulira pamwamba pa magitala opanda magetsi, kapena "Presence of the Lord" imene Clapton anapeka yekha. Chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe, ngakhale chithunzi cha pachikuto chinakhumudwitsa ambiri, mpaka ku America anatulutsa chikuto china chokhala ndi nkhope za oimbawo.

Ulendo wa ku America uja unathera ku Hawaii kumapeto kwa Ogasiti womwewo. Nthawi imeneyo n'kuti Clapton akucheza kwambiri ndi Delaney & Bonnie, gulu lomwe linkawatsegulira zoimba, ndipo anapita nalo. Winwood anadzutsanso Traffic mu 1970. Baker anadzafika mpaka ku Lagos, kukaimba ng'oma ndi Fela Kuti. Grech, amene ambiri amamuiwala, anamwalira mu 1990 ali ndi zaka 43.