Khasu la mwana, kuyambira nthawi ya thangata

Tchuthi chathachi mlongo wanga wa m'tauni anatumiza ana ake awiri kuno kumudzi. Tsiku lachitatu ndinawapatsa timakasu kuti tikapalire limodzi kudimba. Madzulo foni inalira: "Achimwene, anawo sindinawatumize ku thangata." Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala pamtima, chifukwa ife a ku Chiradzulu thangata timalidziwa bwino.

Kale kuthangata kunali kuthandizana. Azungu atalanda malo ambiri kuno kummwera m'zaka za m'ma 1890, anawapotoza mawuwa. Wokhala pa esiteti ankalipira lendi ndi thukuta, kulima munda wa mzungu, kawirikawiri m'dzinja pamene wake ukumera thengo. Pamwamba pake panali msonkho wa nyumba. Nkhanza za pa esiteti ya Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Thangata ndi limenelo: kulima iwe, kudya wina.

Nanga bambo ali kwa mzungu, munda wa pakhomo ankalima ndani? Amayi ndi ana. Agogo anga aakazi ankati iwo anayamba ndi kuingitsa mbalame m'mapira asanathe n'kusenza mtsuko womwe. Mnyamata ankayamba ndi mbuzi. Zikalowa m'munda wa eni, mlandu unkafika pakhomo, ndipo m'busayo ankaimirira pomwepo akulu akupepesa. Manyazi amenewo ankaphunzitsa kuposa chikwapu. Kenaka kamunda kakekake kuseri kwa nyumba, mizere isanu kapena khumi, zokolola zake.

Njala ya 1949 ndiyo agogo sankaimaliza kusimba. Mvula inadula, chimanga chinapserera, amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya ndipo ena sanabwerenso. Iwo ankati makomo amene anapirirako ndi aja ana ake ankadziwa kukumba chinangwa, kuthyola ndiwo zakutchire, kusiyanitsa muzu wodyedwa ndi wakupha. Ndikamauza adzukulu anga zimenezi amaona ngati nthano, chonsecho mu 2002 ife tomwe tinadya gaga ndi nthochi zosakhwima.

Kenaka Wenela. Amuna ankakwera ndege kupita kumigodi ya ku Joni, n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi jekete, koma atasiya khasu m'manja mwa mwana wa zaka khumi. Ndege ina itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Abambo ambiri anabwerera n'kupeza ana awo akudziwa munda kuposa iwo.

Nthawi ya Kamuzu ntchito ya mwana inalowa m'manja mwa boma. Sukulu zambiri zinali ndi munda. Pa Sabata ya Achinyamata tinkalambula misewu, kuumba njerwa, kukonzera nkhalamba nyumba. Apayoniya, amene anayamba mu 1963, ankaphunzitsa ulimi m'mabesi mwawo. Sindiwatamanda kwambiri ayi: omwewo ndi amene ankatibweza pamsika chifukwa cha khadi ya chipani, mpaka asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Ntchito tinaiphunzira, koma yambiri tinkagwira ndi mantha, ndipo mantha atachoka ena anataya ndi khasu lomwe.

Mu 1994 a Bakili Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale. Ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'kalasi chaka chimodzi, ena kuphunzirira pansi pa mtengo. Chinali chinthu chabwino, musandimve molakwa. Ineyo ndinalekeza sitandade 6 chifukwa cha fizi ndi mbuzi za amalume, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Lamulo la ntchito la 2000 linaletsa kulemba ganyu mwana wosakwana zaka 14. Nalonso ndi labwino. Aliyense amene anaonapo mwana wa tenanti akusoka fodya m'chigafa tsiku lonse anzake ali kusukulu, manja akuda bii ndi utomoni, sangatsutse. Limenelo ndiye thangata la masiku ano.

Koma tinasokoneza zinthu ziwiri. Tinayamba kuuza ana kuti "limbikira sukulu, usadzakhale mlimi ngati ine." Ndinanenapo mawu amenewa kwa mwana wanga woyamba. Fomu 4 anamaliza, ntchito sanaipeze, anabwerera kuno ali ndi zaka 22 osadziwa kubandira, osadziwa kuti feteleza wokulitsa amathiridwa liti. Wolakwa sanali iyeyo.

Kwa aang'onowa ndinasintha. Sukulu poyamba, sajomba chifukwa cha munda ngakhale udzu utakula bwanji. Loweruka m'mawa tonse kumunda mpaka dzuwa litayamba kuwawa. Aliyense ali ndi mizere yake ya mtedza ndi nkhuku yake. Akagulitsa sinditengapo ngakhale tambala, ndimangofunsa kuti mbewu ya chaka chamawa wasunga? Wina anagulitsa wonse n'kugula mpira. Chaka chotsatira anakongola mbewu kwa mchemwali wake, wobweza mbale ziwiri pa mbale imodzi. Sindinalowererepo.

Achemwali, ana anu aja tsiku lomaliza anabzala mpiru pabedi lawolawo. Wamera bwino, ndikuwathirira. Wamng'onoyo anandilonjeza kuti akabwera mu Disembala adzandilipira madzi anga, ndiye muwatumize.