Ulendo wa Nyimbo ya "Linny Hoo"

Omvera athu, lero tikamba mbiri ya nyimbo imene inadikira zaka 20 kuti imveke m'maiko akutali. Nyimboyi ndi "Linny Hoo", ndipo mwini wake ndi a Giddes Chalamanda, amene anabadwa m'chaka cha 1930 m'boma la Chiradzulu ku Malawi.

Poyamba tifunse kuti, kodi kutchuka kwa nyimbo kumayesedwa bwanji? Kale muyeso unali mbale za galamafoni zogulidwa ndiponso makalata a omvera opempha nyimbo pa wailesi. Ku America, magazini ya Billboard inayamba m'chaka cha 1958 kusindikiza mndandanda wa nyimbo 100 zotsogola mlungu uliwonse, ndipo m'chaka cha 1967 "Pata Pata" ya Miriam Makeba inafika pa nambala 12. Kuno ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, kampani ya Teal inkadinda mbale ku Ndola. Koma woyimba wa kumudzi, kaya wa ku Mpanshya kapena wa ku Chiradzulu, amene analibe kampani yomgulitsira mbale, sankawerengedwa m'mindandanda yotere ngakhale anthu akwawo amkonde chotani.

A Chalamanda anali mmodzi wa oyimba oterewa. Anakalamba ndi gitala m'manja, akusangalatsa anthu m'midzi ndi m'matauni a ku Malawi. Cha m'chaka cha 2000, ali ndi zaka pafupifupi 70, anajambula "Linny Hoo", nyimbo ya bambo kwa mwana wake wamkazi, yonena za ntchito za pakhomo. Amalawi anaikonda, koma kunja kwa malire anaidziwa ndi ochepa.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 2020, pamene woyimba wachinyamata, Patience Namadingo, anakhala pansi ndi gogoyu nayimba naye nyimbo zake zakale m'chamba cha reggae. Kanema wa kuyimba kwawo anaikidwa pa YouTube, ndipo anthu mamiliyoni anamuonera. Chakumapeto kwa 2021 nyimboyi inalowa pa TikTok, pamene anthu a m'maiko osiyanasiyana, ambiri osamva Chichewa n'komwe, anayamba kujambula timakanema akuvina. Mu January 2022, mwezi umene a Chalamanda anakwanitsa zaka 92, atolankhani a AFP analemba kuti timakanemati tinali titaonedwa koposa maulendo 80 miliyoni. Atolankhaniwo atawayendera kumudzi kwawo kwa Madzuwa, anapeza kuti mwini nyimbo analibe foni yoonera zonsezi. Achinyamata ndiwo ankabwera kudzawaonetsa. Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono pali kusiyana kwakukulu pakati pa muyeso wakale ndi watsopano. Mbale yogulidwa inali ndalama yolowa m'buku la kampani, ndipo woyimba ankadziwa khomo lokagogoda. Wailesi nayo imalipira mabungwe oteteza umwini wa nyimbo, monga COSOMA ya ku Malawi, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndi ZAMCOPS ya kuno kwathu, ndipo mabungwewo amagawira oyimba. Koma pa intaneti kuonedwa sindiko kulipidwa. Ndalama zimatsata munthu amene analembetsa nyimboyo m'dzina lake kwa makampani oifalitsa. Ngati siinalembetsedwe, dziko lonse likhoza kuvina pamene woipeka ali chimanjamanja.

Chotero mbiri ya "Linny Hoo" itiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, nyimbo yabwino siikalamba, ndipo achinyamata amene amalemekeza luso la makolo amadzitsegulira okha njira. Chachiwiri, inu oyimba a kumidzi ndi ana anu, lembetsani nyimbo zanu zisanatchuke, ndipo sungani bwino mapepala a pangano lililonse. Tsiku limene nyimbo idzauluke silidziwika, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.