Liwombo likatukuka

Adzukulu a Amalawi amene anadzagwira ntchito m'migodi ya Kadoma ndi m'mafamu a Chegutu, ena mpaka kumanga ku Mubaira, ambiri lero amati nhova, monga anansi awo Achishona. Agogo awo ankati liwombo. M'mawuwa mumamveka mneni kuwomba, ndipo khutu silinama: ikani chala pofewa paja pamutu pa khanda, mumva pakugunda limodzi ndi mtima.

Chovuta n'chakuti dzina lomwelo timatchulira malo, timatchuliranso nthenda. "Mwanayu ndi liwombo," basi agogo apaka mankhwala akuda pamutu. Komatu liwombo lolowa m'kati limanena kuti madzi atha m'thupi, makamaka mwana akatsegula m'mimba. Lotukuka ndi kuuma gwa, mutu ukukula mothamanga, maso akuyang'ana pansi, limanena zosiyana: madzi achuluka mu ubongo. Madokotala amati hydrocephalus, kuchokera ku Chigiriki, hydor madzi, kephale mutu. Dzina loopsa kumva, chonsecho ndi "madzi m'mutu" omwe amayi amanena pasikelo.

Kwathu kuno nthawi zambiri gwero lake ndi matenda olowa mu ubongo mwana akangobadwa, monga oumitsa khosi. Lilipo lina losowa kwambiri, la mtsempha wa Galen, dzina la sing'anga wa ku Pergamon wobadwa m'chaka cha 129. Apa Chichewa chimatisiya panjira. Kwa ife mtsempha ndi mtsempha: wokanika kutafuna m'nyama, wochotsa magazi kumtima, wowabweza, onse dzina limodzi. Nthendayi yagona pakusiyana kwawoko. Mwana akali m'mimba, mitsempha yochokera kumtima imalumikizana mwachindunji ndi wobweza, kulumpha timitsempha ting'onoting'ono tochepetsa mphamvu ya magazi. Wobwezayo amafufuma pakati pa ubongo, madzi amene ubongo umapanga tsiku lililonse amasowa kolowera, ndipo mtima wa khanda umatopa ndi kupopa. N'chifukwa chake apa madokotala sathamangira kapaipi kokhetsera madziwo m'mimba, monga amachitira ndi ana ena. Amayamba atseka njira zolakwikazo m'kati mwa mtsempha.

Zimenezi chala cha agogo sichingazione. Zimafuna makina ounikira mutu, ndipo njira yake kuchokera ku Mubaira imadzera ku Chegutu mpaka ku chipatala cha Parirenyatwa, ku Harare. Amayi, mukapita kusikelo pemphani anamwino ayezenso mutu ndi tepi, osati kulemera kokha.